Tidya inswa mwezi umodzi, chiswe chidya khitchini chaka chonse

Munthu amene watha zaka khumi osafika ku Palabana angasokere. Kumene kunali msipu wa ng'ombe za mkaka ndi minda ya chimanga, lero kuli mipanda ya mabuloko, matanki a madzi pa nsanja zachitsulo, ndi nyumba zina zotha, zina zikali kudikira malata. Dzina la malowa linatchuka ndi sukulu ya ulimi wa ng'ombe za mkaka, Palabana Dairy Training Institute, koma chomwe chikusintha dera lino la Asoli m'boma la Chongwe ndi anthu a mu Lusaka amene anatopa ndi renti n'kugula maploti kum'mawa kwa mzinda.

M'nyumba zambiri zomwe ndalowamo kumeneko ndapeza makhitchini awiri. Yoyamba ndi ya m'kati: matailosi owala, makabati a fasho, chitofu cha mapuleti anayi. Iyi ndi yoonetsa alendo. Yachiwiri ili kuseri kwa nyumba, ndipo ndi kumene nsima imaphikidwa zoona. Koma taionani mamangidwe ake: mapulanga otsala pothira konkire, malata obooka amene anakanidwa padenga, mwala pamwamba kuti mphepo isanyamule. Banja limataya ndalama zambiri pa khitchini yomwe limalowamo mwa apo ndi apo, n'kusiya amayi, ana aakazi ndi antchito a pakhomo kuphika tsiku ndi tsiku m'chisakasa chopendama. Khitchini ya mitengo ingathe kukhala zaka zambiri, ndipo sikulira chuma cha mwana wa mfumu. Imalira kudziwa adani ake, amene ndi atatu chabe: chiswe, madzi ndi moto.

Malaiti anatibwezera panja

Tonse tikumbukira chaka cha 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ZESCO inayamba kugawa magetsi, ndipo pofika miyezi yotentha madera ambiri ankakhala maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Chitofu cha mapuleti anayi chinasanduka poika mapoto. Mbaula inalamulira kuyambira ku komboni mpaka ku mayadi.

Koma tisanamizire malaiti okha. Ngakhale magetsi alipo, ndani aphika nyemba kapena vimbombo pa chitofu, mayunitsi akutha ngati madzi m'dengu? Ndani awamba nsomba m'nyumba ya makatani? Nanga pa chilanga mulilo, pa matebeto, pa maliro, pamene mapoto aakulu afuna amayi awiri kuti avundule nsima? Zonsezi malo ake ndi panja.

Palinso nkhani ya moyo. Makala, kapena malasha monga tinenera mu Lusaka, akayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Nyengo yozizira ya June ndi July timamva za mabanja opezeka atakomoka kapena atafa chifukwa cholowetsa mbaula m'nyumba. Bungwe la World Health Organization linati utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse m'chaka cha 2020. Khitchini ya panja ikadontha, mayi amanyamula mbaula n'kulowa nayo m'nyumba. Choncho denga lake ndi nkhani ya mapapo a banja lonse.

Makolo athu kumudzi ankazidziwa izi. Khitchini inali payokha, nsichi zake zinali za mitengo yosankhidwa monga muwanga ndi mupani, ndipo utsi unkadetsa mapaso mpaka tizilombo tofumbwitsa mitengo tinkathawa. N'chifukwa chake chimanga cha mbewu ankachipachika pamwamba pa mafuwa. Ife ta m'tauni tinasunga chizolowezi chophikira panja, koma nzeru ya kamangidwe tinaisiya pa siteshoni ya basi.

Chikomekome cha mkuyu

Mlongo wanga ali ndi ploti ku Palabana konko. Atamaliza nyumba, alamu anga anagula mitengo ya bulugamu m'mbali mwa msewu kwa mnyamata wina. Inali yobiriwira bwino, ndipo wogulitsa anachita kulumbira: "Ba bosi, iyi ni ya mankhwala, chiswe chikaluma chifa pamene apo." Anakumba maenje, n'kuimika, n'kukwirira ndi dothi lomwelo. Mvula ziwiri zitadutsa, khitchini inayamba kuweramira ku mpanda ngati munthu wotuluka m'bala.

Ndinalipo tsiku limene anaitana kalipentala wachikulire kuti aone. Mdalayo sanafunse mafunso. Anagwada, n'kufukula dothi pang'ono pa tsinde la mzati, n'kubaya ndi msomali. Msomali unalowa ngati m'mbatata yophika. Atadula mzati umodzi ndi sowo, tinaona kuti kubiriwira kuja kunathera pa khungu. M'kati munali moyera, modzaza dothi ndi tinjira ta chiswe.

"Amama, apa anakugulitsani utoto," anatero mdalayo. "Manje olo munagula yabwino, mwaimika pamene mutaya madzi ya mbale. Chiswe mwachipikira ndiyo, mwachipatsa na madzi yakumwa."

Anaseka yekha, koma alamu anga sanaseke. Anayenera kugula mitengo kachiwiri, kulipira mmisiri kachiwiri, ndi kusintha malata awiri amene anapindika. Chotchipa chinadula kawiri.

Chiswe ku Palabana si mlendo. Amene mwayenda kumeneko mwaziona zulu m'minda. Girediya ikasalaza chulu kuti ploti igulitsike, mudzi wa chiswe umatsala pansi, ndipo mitengo ya kutchire ikatha chimafuna chakudya china. Mvula yoyamba ikagwa timathamanga ndi mabeseni kukagwira inswa pa getsi, n'kuiwala kuti abale awo otsala m'dothi ali pa ntchito usiku ndi usana.

Mtengo uti, pa mtengo wanji

Mukapita ku msika wa Buseko, kumene matabwa a ku Western Province amatsikira, mudzapeza mukwa, umene ena timautcha mlombwa, ndi mukusi. Mitengo imeneyi kulimba kwake sikufuna umboni. Mukusi ndi umene kampani ya Zambezi Sawmills inkacheka ku Mulobezi n'kutumiza pa njanji ku Livingstone kuti ukhale zogonekapo njanji, ndipo zina mwa izo anthu akali kupangira mipando mpaka lero. Koma pali zinthu ziwiri zoti mudziwe.

Choyamba, cholimba ndi mtima wa mtengo, mbali yofiirira ya m'kati. Mbali yoyera ya kunja, ngakhale ikhale ya mukwa, imafumbwa ndipo chiswe chimaidya. Thabwa lokhala ndi mzere waukulu woyera m'mphepete musalipire ngati lonse ndi mtima.

Chachiwiri, mitengo imeneyi imatenga zaka makumi ambiri kuti ikule, ndipo ikutha. Nkhani ya mukula tonse tinaimva, mpaka mu 2019 unalowa pa mndandanda wa CITES wa mitengo yomwe malonda ake a kunja ayenera kuyang'aniridwa. Lamulo la nkhalango, Forests Act ya 2015, limafuna chilolezo podula ndi ponyamula matabwa a m'nkhalango. Kudula mukwa wa zaka za agogo kuti ukhale mzati wa khitchini, pamene Chongwe yomweyi yatha kale mitengo ndi mauvuni a malasha, ine ndiona ngati kupha ng'ombe chifukwa chofuna chikopa cha ng'oma. Ngati mufuna mukwa, gulani thabwa limodzi kapena awiri a pa thebulo, kwa wogulitsa amene ali ndi mapepala.

Pa mizati ndi mitanda, yankho ndi mitengo yobzalidwa: bulugamu ndi paini, monga ya m'minda ya ZAFFICO ku Copperbelt. Payokha mitengo iyi ndi ndiwo za chiswe, koma ikathiridwa mankhwala moyenera imakhala. Kuthira koyenera si kupaka ndi burashi kapena kuviika m'mgolo. Mtengo umayamba waumitsidwa, kenako umalowetsedwa m'thanki yachitsulo yotsekeka, mmene makina amakankhira mankhwala m'kati mwa mnofu wake. Mankhwala odziwika ndi awiri. Creosote ndi wakuda uja wa pa mapolo a ZESCO. Amalimbitsa kwambiri, koma amanunkha ndipo amatuluka thukuta dzuwa likatentha, choncho sayenera pafupi ndi chakudya. CCA ndi wobiriwira uja, wosakaniza kopa, chromium ndi arsenic, ndipo ndi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zomanga za pakhomo.

Ku South Africa mitengo yothiridwa imaikidwa m'magulu, ndipo zizindikiro zake mudzazipezanso pa mitengo ina yogulitsidwa kuno. H2 ndi ya m'nyumba mosafika mvula, H3 ndi ya panja koma yosakhudza dothi, H4 ndi yokwirira pansi, H5 ndi ya malo onyowa nthawi zonse. Funsani gulu lake, funsani kumene unathiridwa, tengani lisiti. Ngati wogulitsa ayamba kuyang'ana kumwamba, mupempheni adule kachidutswa ku nsonga. Pa bulugamu wothiridwa bwino, kubiriwira kumalowa mbali yonse yoyera ya kunja ngati mphete yochindikala, osati ngati khungu la anyezi.

Mapaleti amene atchuka popanga mipando ndi mashelefu ali ndi malo ake, koma muwerenge chidindo. HT itanthauza kuti anangowatenthetsa kuti tizilombo ta m'kati tife, ndipo zimenezo sizitchinga chiswe cha mawa. MB itanthauza kuti anafukizidwa ndi methyl bromide. Amenewo asiyeni kutali ndi chakudya. Matabwa a utuchi wopanikiza amene amapangira makabati a m'nyumba asatuluke panja n'komwe. Akangomva chinyezi amafufuma ngati chitumbuwa.

Mzati usaponde dothi

Chomwe mdala uja anachita pomanganso ndi chimene ndingalangize aliyense. Anayamba ndi malo. Mphepo ya Lusaka nthawi zambiri imachokera kum'mawa, ndipo n'chifukwa chake mafakitale a mzinda uno ali kumadzulo. Khitchini nayo ikhale mbali yomwe mphepo idzachotsa utsi pa nyumba, osati kuulowetsa pa windo la kuchipinda. Ikhalenso pokwera, patali ndi chimbudzi, ndipo zitsa ndi mizu yakufa zizulidwe, chifukwa ndi zimene zimaitana chiswe.

Khitchini ya mamita atatu m'lifupi ndi anayi m'litali imakwana banja, ndipo mizati isanu ndi umodzi ya masentimita 10 mpaka 12 kunenepa imainyamula. Pansi anathira simenti yokwera ngati chikhatho chimodzi pamwamba pa bwalo, yotsetsereka pang'ono kuti madzi azituluka okha. Pamalo pa mzati uliwonse anaumba kachitsa ka konkire kotalika masentimita 20, n'kumizamo chitsulo chopindidwa, ndipo mzati anaumanga pa chitsulocho ndi mabauti. Pakati pa mtengo ndi konkire anasiya kampata kolowa chala. Mwa njira iyi mtengo suyamwa madzi, ndipo chiswe chikafuna kukwera chiyenera kumanga kanjira kake ka dothi poonekera, pamene tsache lingakapeze.

Ngati thumba silikulola ndipo muyenera kukwirira, gulani mzati wa H4, kumbani masentimita 60, ndipo pansi pa dzenje thirani timiyala kuti madzi azitsika. Konkire izungulire mzati m'mbali mokha. Mukaitseka ndi pansi pomwe mwaumba kapu, ndipo mzati udzakhala m'madzi mvula yonse. Mbali yomwe mwadula ndi sowo iloze kumwamba, pansi pa denga, chifukwa podulapo mwatsegula mtima umene mankhwala sanafike.

Ambiri timakhulupirira oilo wakuda wa galimoto. Amachedwetsa chiswe pang'ono, koma salowa m'kati, ndipo mvula imamutsukira m'dothi. Ku Palabana mabanja ambiri amamwa madzi a borehole pa ploti yomweyo. Ganizani kawiri.

Misomali nayo ili ndi nkhani. Mankhwala a CCA amadya chitsulo wamba msanga, choncho gulani misomali ndi mabauti okutidwa ndi zinki. Pamakona pakhale timitanda topingasa tomanga mzati ku mtanda. Popanda timeneti, kamvuluvulu wa August amagwedeza khitchini mpaka mfundo zonse zitamasuka. Ndipo matabwa aawisi, olemera ndi ozizira m'manja, musawakhome tsiku lomwelo. Asanjeni pamthunzi, timitengo pakati, aume masabata angapo. Apo ayi adzapindika ali padenga.

Denga, utsi ndi moto

Mvula yathu imagwa kuyambira November mpaka March, ndipo siigwa choongoka. Denga lituluke masentimita 60 kupitirira mizati mbali zonse. Amisiri ena amadula malata pafupi kuti asunge limodzi, koma lata limodzi limenelo ndi limene likanateteza mizati isanu ndi umodzi. Mbali yotsika ikhale mamita awiri ndi theka, yokwera ifike atatu, kuti kutentha kwa October kusakhale pamutu pa wophika ndiponso utsi upeze potulukira. Pakati pa khoma ndi denga pasatsekedwe.

Udzu ndi wozizira ndipo umakongola, ndi chifukwa chake malo ogona alendo amaukonda. Koma umafuna denga lotsetsereka kwambiri, pafupifupi madigiri 45, ndi mmisiri wodziwa kufolera. Pa ploti ya m'tauni, pamene nyumba ya mnzako ili pafupi ndipo anthu amatentha zinyalala ndi tchire m'chilimwe, ine ndingasankhe malata pamwamba pa moto, udzu n'kuusiyira pokhalira alendo.

Pamene pali moto pasakhale mtengo. Kumbuyo ndi m'mbali mwa chophikira mangani khoma la njerwa lofika m'chiuno kapena pachifuwa, ndipo mzati wapafupi utalikire mita imodzi. Khomali limatchinganso mphepo, ndipo mbaula yotchingidwa siidya malasha ngati ya pambalambanda. Poikira mbaula pakhale pa njerwa, pokwera mpaka m'mawondo kapena kuposerapo, kuti msana wa amayi upume ndiponso mwana wokwawa asafike. Amene muli ndi gasi, silinda iime chilili pamthunzi, patali ndi mbaula.

Chenjezo lalikulu ndi ili, ndipo muuze aliyense wa pakhomo: zidutswa za mitengo yothiridwa mankhwala si nkhuni. Utsi wake ndi phulusa lake zili ndi arsenic. Musaphikire, musaotchere nyama kapena chimanga, ndipo phulusa lake lisapite ku dimba kapena kopangira chidulo. Mmisiri akamaliza, zidutswa zobiriwira zichoke tsiku lomwelo, mwana asanatumidwe kukasonkha moto. Pa chifukwa chomwecho, pokonzera chakudya pasakhale thabwa la CCA. Thirani kasilabu ka simenti, ikani matailosi otsala a m'nyumba, kapena apa ndiye pabwere thabwa lija la mukwa. Vanishi panja amasuwa ndi dzuwa n'kuyamba kusunga madzi kunsi kwake. Mafuta a linseed opaka kamodzi pa chaka amachita bwino.

Madzi a mbale apatseni njira. Kapaipi kochoka pa sinki kapite ku dzenje la miyala mamita angapo kutali, kapena ku nthochi. Thandala la mbale likhale ndi miyendo yake, ndipo mulu wa nkhuni ndi matumba a malasha zisatsamire mizati.

Za ndalama ndi za amisiri

Mitengo ya zinthu mu Lusaka imasintha msanga moti ndikalemba nambala lero, mwezi wamawa mudzanditcha wabodza. Chomwe sichisintha ndi dongosolo la kagulidwe. Ndalama yoyamba ipite ku simenti ya pansi ndi mizati yabwino, yachiwiri ku malata okwanira, yachitatu ku khoma la pamoto. Makabati, matailosi ndi magetsi a solar zingadikire bonasi. Khitchini yopanda kabati imaphika. Yopanda miyendo imagwa.

Posankha mmisiri musaone zithunzi za pa WhatsApp zokha, chifukwa chilichonse chimakongola tsiku lomaliza ntchito. Muuzeni akuonetseni chomwe anamanga zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, mupite mukagwede mzati ndi dzanja lanu. Mukamva akuti "osadandaula ba bosi, tizapaka chabe oilo," dziwani kuti mudzaonananso posachedwa. Gwirizanani mtengo wa ntchito yonse musanayambe, lipirani m'zigawo, ndipo mitengo mukagule muli limodzi. Ngati mumanga chachikulu cha njerwa chogundana ndi mpanda wa mnzanu, yambani mwafunsa ku khonsolo ya Chongwe za chilolezo, ndipo amene muli pa renti mumvane ndi eni nyumba polemba, kuti tsiku losamuka pasakhale mlandu wa malata.

Pomaliza, afunseni ophika. Nthawi zambiri amene amalamula kamangidwe ndi bambo amene amafika pa khitchini ya panja Loweruka lokha, ndi nyama yootcha. Amene amadziwa kumene dzuwa la masana limawomba, kumene mvula imalowera, ndi kutalika koyenera kwa povundulira nsima, ndi amene amaima pamenepo tsiku lililonse. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale la khitchini.

Nthawi yabwino yomanga ndi kuyambira May mpaka September, dothi lili louma ndipo matabwa akuuma msanga. Amene muli nayo kale, musadikire mitambo. Mwezi wa October tengani msomali, muzungulire mizati yonse, mubaye pa tsinde. Gogodani mitanda mumve ngati ikulira ngati ng'oma. Kanjira ka dothi mukakaona kaphwanyeni, mutsate kumene kachokera. Mangitsani mabauti, sinthani lata lobooka, tsegulani ngalande. Ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo ikatha mungathe kutenga beseni lanu n'kukadikira inswa ndi mtima uli m'malo.